Basi imathera pano: mlatho wa Hammersmith uli chitsekere

Basi yofiira yaima kumapeto kwa msewu wa Castelnau ku Barnes, kumadzulo kwa mzinda wa London. Dalaivala watsegula zitseko, aliyense akutsika.

Oyamba kutuluka ndi ana asukulu, zikwama kumsana, liwiro la mtondo wadooka. Kenako apantchito, wina kapu ya khofi m'manja, wina foni kukhutu. Omaliza ndi agogo ena aakazi oyendera ndodo yachitsulo. Atsitsa phazi limodzi, apuma, atsitsa linzake.

Patsogolo pawo pali mlatho.

Ndi wobiriwira, wopakidwa utoto wagolide m'makona, nsanja zake ziwiri zitaima m'madzi a mtsinje wa Thames, maunyolo akuluakulu atatsetsereka kuchokera pamwamba pa nsanjazo mpaka kumtunda. Tsidya linalo ndi ku Hammersmith. Kumeneko kuli siteshoni ya sitima zapansi panthaka, kuli masitolo, kuli chipatala cha Charing Cross.

Kale basi yomweyi ikadawawolotsa agogowa m'mphindi zochepa. Lero awoloka wapansi mamita 210 a mlathowu, mphepo yozizira ya mumtsinje ikuwawomba kumaso, akatsika tsidya ilo n'kuyambanso mtunda wina wokafika kusiteshoni.

Basi ija yabwerera kumene yachokera.

Zinthu zakhala chonchi kuyambira pa 10 Epulo 2019, tsiku limene mlatho wa Hammersmith udatsekedwa kwa galimoto zonse. Anthu adaganiza kuti ndi za miyezi chabe. Mwana amene adabadwa sabata imeneyo pano ali pasukulu, ndipo sadaonepo basi ikuwoloka apa.

Mukaponda pamlathowu, choyamba kukufikani ndi bata. Mumamva belu la njinga, mapazi a othamanga, mawu a mphunzitsi wa opalasa mabwato akukuwira anyamata ake pansi pa mlatho. Pomwepa pankadutsa galimoto pafupifupi 22,000 tsiku lililonse, ndi maulendo a mabasi okwana 1,800. Zonsezo zidatha tsiku limodzi.

Mlathowu si wa dzana. Woyamba pamalo ano udatsegulidwa mu 1827, ntchito ya injiniya William Tierney Clark, ndipo udali woyamba wolendewera pa maunyolo kuwoloka Thames. Utayamba kuchepa mphamvu, adaitana Joseph Bazalgette, munthu yemwe adamanga ngalande zapansi zochotsa zonyansa mu London. Iye adamanga watsopano pa maziko a wakale uja, n'kutsegulidwa pa 11 Juni 1887.

Adaumangira ngolo za akavalo. Galimoto kudalibe, mabasi a matani ambiri kudalibe.

Komabe udasenza zonsezo kwa zaka zoposa 130, ndipo udaona zambiri. Mu Malichi 1939 gulu lankhondo la ku Ireland la IRA lidatchera mabomba awiri pamlathowu. Bambo wina wokonza tsitsi, Maurice Childs, adaona sutikesi ikufuka utsi, adainyamula n'kuiponya mumtsinje, ndipo idaphulikira m'madzi. Lachiwiri lidaphulika pamlatho, koma mlatho sudagwe. Mu 1996 adatcheranso ena, sadaphulike bwino. Mu 2000 lina lidaphulika n'kuwononga pansi pake, adaukonza.

Pachitsulo chogwirira manja, chapakati pa mlatho, pali kachikwangwani kakang'ono kamene ambiri amangokadutsa. Kamakumbutsa za Charles Campbell Wood, msilikali wa ndege wochokera ku Bloemfontein ku South Africa, yemwe mu Disembala 1919 adadumphira m'madzi usiku kukapulumutsa mayi amene ankamira. Mayiyo adapulumuka. Iye adamwalira patapita masiku ndi kafumbata yemwe adalowera pa mabala a tsikulo.

Mabomba adaulephera mlathowu. Chidaugonjetsa ndi dzimbiri.

Nkhani yake ili motere. Msewu wa pamlathowu sukhala pa mizati, umalendewera pa maunyolo. Maunyolowo akatsika pansanja amadutsa pa mipando inayi yachitsulo, iwiri tsidya lino, iwiri tsidya ilo, asanakazikike pansi. Chitsulo chimatalika kukatentha, chimafupika kukazizira. Bazalgette ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pamwamba pa mipandoyo adaikapo timagudumu toti maunyolo azitha kusuntha pang'ono, kupita ndi kubwera.

Zaka zidapita, timagudumu tija tidachita dzimbiri n'kugwirana gwa. Maunyolo sadasiye kukoka. Mphamvu yonse yomwe ikadathera m'kusunthako idayamba kulowa m'mipando ija.

Tsono mipandoyo ndi ya chitsulo chosungunula n'kuthira m'chikombole. Chitsulo chotere sichipindika kuti muone kuti chatopa. Chili ngati mbiya: lero ili bwinobwino, mawa yaphwanyika. Khonsolo ya Hammersmith and Fulham, yomwe ndi mwini mlathowu, idayamba kuupima mwakuya mu 2015, ndipo mu Epulo 2019 akatswiri adapeza ming'alu yopyapyala ngati tsitsi m'mipandomo.

Padali patangopita miyezi isanu ndi itatu chigwere mlatho wa Morandi ku Genoa, m'dziko la Italy, pomwe anthu 43 adafa pa 14 Ogasiti 2018. Palibe injiniya amene akadasaina kuti mabasi apitirize kudutsa. Pa ichi chokha khonsoloyo sindikuiona cholakwa.

Choipa chidabwera chaka chotsatira. Mu Ogasiti 2020 ku London kudatentha kwa masiku angapo motsatizana, ndipo mng'alu umodzi udakula. Pa 13 Ogasiti adatseka mlatho wonse. Oyenda pansi ayi, apanjinga ayi, ngakhale mabwato sadaloledwe kudutsa pansi pake.

Apa mpamene anthu a ku Barnes adadziwa kuti mtsinje n'chiyani.

Dera lawo lili pamalo pomwe Thames amakhota, madzi mbali zitatu. Sitima yapansi panthaka kulibe. Ana ophunzira tsidya ilo, ndi a tsidya ilo ophunzira tsidya lino ku masukulu ngati St Paul's, adayamba kuzungulira mtunda wautali, ena pabasi kudzera mlatho wa Chiswick, ena panjinga m'kanjira ka m'mbali mwa mtsinje, m'matope, mumdima wa nyengo yozizira pomwe dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Makolo ambiri sankagona tulo ndi kanjira kameneko.

Adawalonjeza bwato lowolotsa anthu. Adasankha ndi kampani yomwe, ya Uber Boat by Thames Clippers. Bwatolo silidawolotse ndi munthu mmodzi yemwe, ndipo kumapeto kwa 2021 ganizolo lidathetsedwa.

Mpikisano wotchuka wa mabwato pakati pa mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, womwe umadutsa pansi pa mlathowu chaka ndi chaka, mu 2021 udakachitikira ku Ely, pamtsinje wa Great Ouse. Mliri wa Covid-19 udali chifukwa china, mlathowu chinzake.

M'masiku amenewo ndi pomwe anthu wamba adadzuka. Gulu la Hammersmith Bridge SOS lidasonkhanitsa makolo, okalamba ndi eni timasitolo ta pa Castelnau omwe malonda awo adalowa pansi. Adachita zionetsero pakamwa pa mlatho, adalemba makalata, adasonkhanitsa masiginecha, adaitana atolankhani. Pa 14 Febuluwale 2021, tsiku la okondana, adaunikira mlathowu ndi magetsi ofiira n'kulembapo uthenga wonena za mitima yosweka, malonjezo osweka ndi mlatho wosweka. Chithunzi chake chidayenda m'nyuzipepala zambiri.

Pa 17 Julayi 2021 oyenda pansi ndi apanjinga adaloledwanso kuwoloka. Anthu adasangalala tsiku limenelo. Ambiri adaona ngati mabasi ali m'njira.

Sadali m'njira.

Chomwe chidatsatira ndi ntchito yongoletsa kuti mlatho usagwe. Idayamba mu 2022 pa mtengo wa £8.9 miliyoni: kuthira konkire m'mipando yong'aluka ija, kuimanga ndi zitsulo zatsopano, kunyamula maunyolo ndi majeki n'kusintha timagudumu tadzimbiri tija. M'mwezi wa Julayi chaka chomwecho, pomwe dziko la Britain lidafika madigiri 40 koyamba m'mbiri yake, akatswiri adakulunga maunyolowo m'mapepala onyezimira, ngati okulungira nyama yootcha, n'kumawapemerera mpweya wozizira usiku kuti asatenthe. Mlatho udasanduka wodwala wam'chipatala, woyezedwa kutentha kwa thupi usana ndi usiku.

Tsoka lina lidabwera mu Disembala 2023, pamene bwato lonyamula ochemerera timu ya mpira ya West Ham lidawomba nsanja ya amisiri yomwe idali pansi pa mlatho. Ntchito idaima kwa miyezi.

Mu Epulo 2025 msewu wapakati udatsegulidwa utayalidwa mwatsopano, boma litaperekapo £2.9 miliyoni. Apanjinga adapeza njira yawo yotakasuka, oyenda pansi yawo. Ndi umene agogo aja akuyendapo m'mawa uno.

Koma galimoto, basi kapena ambulansi, ayi.

Funso limene mlendo aliyense amafunsa ndi lakuti: dziko lolemera chonchi lingalephere bwanji kukonza mlatho wa mamita 210? Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chidapsa pa 15 Epulo 2019, patangopita masiku asanu chitsekereni mlathowu, ndipo chidatsegulidwanso mu Disembala 2024. Ku Genoa kuja mlatho watsopano udatsegulidwa mu Ogasiti 2020, mwezi womwewo umene wa Hammersmith udatsekedwa kotheratu. Anthu a ku Barnes ndi a dera loyandikana nalo la Putney amazidziwa pamtima zitsanzo ziwirizi.

Luso lilipo. Kampani ya Foster + Partners pamodzi ndi mainjiniya a COWI adabweretsa njira yake kale mu 2020: kulowetsa mlatho wachitsulo wongoyembekezera, wa nsanjika, m'kati mwa wakalewu, galimoto zizidutsa pamwamba, anthu ndi njinga pansi, uku zitsulo zakale zikuchotsedwa chimodzichimodzi kukakonzedwa kwina. Kuugwetsa n'kumanga wina sikutheka, chifukwa uli m'kaundula wa zomanga zakale zotetezedwa ndi lamulo.

Chosowa ndi wolipira.

Mlathowu udagwera m'manja mwa khonsolo ya Hammersmith and Fulham m'zaka za m'ma 1980, boma la Margaret Thatcher litathetsa Greater London Council, khonsolo yaikulu yomwe inkayang'anira mzinda wonse. Milatho idagawidwa kwa makhonsolo ang'onoang'ono. Choncho khonsolo yomwe ntchito yake ndi kutola zinyalala, kusamala okalamba ndi kuyang'anira nyumba za anthu osauka idapezeka kuti yasenzetsedwa chuma cha fuko lonse.

Kuonjezera apo, ambiri mwa omwe ankadutsa pamlathowu ndi galimoto si anthu a khonsoloyi. Ndi a tsidya la kumwera, a ku Richmond ndi Wandsworth, omwe misonkho yawo imapita kwina. Mwini mlatho sauvutikira kwambiri, ouvutikira si eni ake. Mfundo ya nkhani yonseyi yagona pamenepa.

Mitengo nayo sidadikire. Mu 2019 ankanena za £40 miliyoni. Pofika 2020 idali pakati pa £141 miliyoni ndi £163 miliyoni. Kenako idafika £250 miliyoni. Bungwe la Transport for London, lomwe limayendetsa mabasi ndi sitima ndipo lidali lokonzeka kuthandiza, lidatsala pang'ono kugwa anthu atasiya kukwera m'nthawi ya mliri.

Mu Seputembala 2020 nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo, Grant Shapps, idakhazikitsa komiti yapadera yotsogozedwa ndi Baroness Vere. Mu 2021 boma lidati ndalamayo igawidwe patatu: gawo lina boma, lina Transport for London, lina khonsolo. Mtsogoleri wa khonsoloyo, Stephen Cowan, wakhala akunena kuti palibe khonsolo ingakwanitse ndalama yotere popanda kuipeza kwa odutsa, ndipo adapempha chilolezo cholipiritsa galimoto iliyonse pafupifupi £3, monga zimakhalira pa zipata za pa Chingeni ndi Kalinyeke kwathu. Khonsolo idapereka mapepala ake ku unduna kumapeto kwa 2022.

Yankho silidabwere. Komiti ija idakhala zaka zitatu osakumana.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati vuto ndi zipani. Boma lidali la Conservative, pomwe khonsolo ndi meya wa London, Sadiq Khan, ndi a Labour, ndipo mbali iliyonse inkaloza chala inzake. Koma mu Julayi 2024 chipani cha Labour chidatenga boma. Apo nduna, meya ndi khonsolo onse adakhala a nyumba imodzi. Komiti idakumananso pa 30 Januwale 2025, boma lidaonjezera kandalama kosamalira mlatho, koma tsiku loti basi idzawoloke silidatchulidwe. Khonsolo yokha yawononga kale ndalama zoposa £40 miliyoni pongouteteza kuti usagwe.

Omwe sadatope ndi aphungu a tsidya la kumwera. Fleur Anderson wa ku Putney, wa Labour, ndi Sarah Olney wa ku Richmond Park, wa Liberal Democrats, akhala akuidzutsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mobwerezabwereza, zipani zawo zosiyana koma dandaulo limodzi. Anderson adachenjezapo kuti ngakhale ndalama itapezeka, galimoto mwina sizingadutse mpaka cha m'ma 2035.

Kuti mumvetse chimene chimawawa anthu a ku Putney, pitani pamsewu wa Putney High Street madzulo anthu akuweruka. Mabasi amangondandalikana, wapansi n'kuwapitirira. Msewuwu udali kale ndi mbiri ya utsi woipa mu London, ndipo anthu a kuno amati galimoto zomwe zinkadzera pa Hammersmith zidasamukira pakhomo pawo.

Koma si onse akufuna galimoto zibwerere.

Pali ena, kuphatikizapo bungwe loona za kusintha kwa nyengo la Possible, amene amati mlathowu ndi wotsegula kale, kungoti ndi wotsegukira anthu. Iwo amati msewu ukatsekedwa galimoto zina sizisamukira kwina, zimangotha, eni ake n'kuyamba kuyenda pansi, kupalasa njinga kapena kukwera sitima. Amati £250 miliyoni ndi ndalama yambiri yoti ithere pobweza utsi ndi phokoso, ndipo okalamba ndi olumala angathe kuwolotsedwa ndi timagalimoto tating'ono tamagetsi, topepuka. Adayesapo kale kabaza wa njinga zamatayala atatu pamlathowu.

Mukaima pakati pa mlatho m'mawa, kamwana ka zaka zisanu kakupalasa kanjinga kake mopanda mantha, mayi ake ali pambuyo, mumawamvetsa. Bata limeneli ndi lokoma, ndipo amene walilawa safuna kulitaya.

Ine ndidawamvetsa mpaka nditakwera basi nambala 533.

Basi imeneyi adaikhazikitsa mlatho utatsekedwa, kuti ithandize omwe sangathe kuwoloka wapansi. Inkanyamuka pa Castelnau, pomwe Hammersmith akuoneka ndi maso tsidya ilo, n'kuyamba kulowera kwina. Inkadutsa Barnes, Mortlake, inkawoloka pamlatho wa Chiswick, n'kubwerera m'msewu wodzaza galimoto mpaka ku Hammersmith. Ulendo wa mphindi zisanu unkadya theka la ola, msewu ukadzaza kuposa apo.

Ndidayang'ana okwera. Apanjinga ya olumala, okalamba opita kukaonana ndi dokotala, amayi a makanda. Palibe mmodzi mwa iwo amene njira yatsopano ya njinga ija yamupindulira.

Ambiri mu London amaiona nkhaniyi ngati dandaulo la anthu olemera, pakuti Barnes ndi dera la nyumba zodula. Koma wolemera ali ndi galimoto, akhoza kuzungulira ali phee pampando, kapena kugwira ntchito ali kunyumba pa kompyuta. Amene wapwetekedwa ndi wosesa m'nyumba zodulazo, wosamala nkhalamba zake, wophika m'sukulu zake, ambiri a iwo ochokera kumaiko ena, a kwathu ku Africa ali momwemo. Awa ntchito yawo siigwirika pa intaneti. Amayenera kufika, ndipo amafika pabasi.

Kumtunda kwa Barnes kuli Roehampton, komwe kuli nyumba zambiri za khonsolo za Alton Estate. Kulibe siteshoni ya sitima. Basi nambala 72 ndi yomwe inkawatenga anthu a kumeneko molunjika kuwoloka mtsinje kupita ku Hammersmith ndi kupitirira. Lero basi imeneyo sifikako. Ulendo womwe udali wa basi imodzi tsopano ndi wotsika, kuyenda, kudikira ndi kukweranso, m'mawa ndi madzulo, kwa zaka zonsezi.

N'chifukwa chake mkangano wakuti galimoto zibwerere kapena zisabwerere ndimauona kuti ukuphimba nkhani yeniyeni. Za galimoto za anthu angathe kukambirana, kaya kuzilipiritsa, kaya kuziletsa. Koma mlatho umene sungasenze basi ndi ambulansi sunakonzedwe, ngakhale utapakidwa utoto wonyezimira chotani.

Kuzengereza nakonso kuli ndi mtengo wake. Chaka chilichonse chosagamula, ndalama ya chitsulo ndi ya amisiri ikukwera, makina oyeza ming'alu akulipiridwa, alonda a pamlatho akulipiridwa. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kuchoka pa £40 miliyoni kufika pa £250 miliyoni ndi kwawukwawu amene. Komanso Hammersmith si wokha. Milatho ingapo ya pa Thames ndi yakale chimodzimodzi, ndipo ina ili m'manja mwa makhonsolo omwe alibe thumba loikonzera.

Nditabwerera pa Castelnau chakumadzulo ndidapeza mzere wa anthu pamalo okwerera basi, ongowoloka kumene, ena akupukuta mvula kumaso. Basi idafika, idawanyamula, idalowera kumwera. Ina idabwera, idatsitsa anthu, idabwerera.

Mwa atatu aja ogawana ngongole, ndi unduna wa zamtengatenga wokha umene uli ndi thumba komanso mphamvu ya lamulo yothetsa nkhaniyi. Unduna utchule ndalama imene upereke, uvomere kapena ukane pempho la khonsolo lolipiritsa odutsa, ndipo unene chaka chimene basi idzawoloke. Ngati waganiza kuti sidzawolokanso, uwauze anthu a ku Barnes, Roehampton ndi Putney poyera, n'kuwapatsa njira ina yodalirika yowolotsera okalamba ndi odwala awo. Adikira kuyambira pa 10 Epulo 2019.